"OK" Si Kuvomera

Mwana akauzidwa ndi atate ake kuti akaanike ukonde dzuwa lisanapendeke, iye n'kuyankha kuti "okee" maso ali pafoni, atatewo asadzinamize kuti amvana. Mwanayo sanavomere kanthu. Wangotseka nkhani.

Ena adzati ndikukuza zinthu, ati ndi mawu chabe. Tiyeni tsono tione kumene mawuwa anabadwira. Pa 23 Malichi 1839 nyuzipepala ya Boston Morning Post ya ku America inasindikiza zilembo o.k. monga chidule cha "oll korrect", kumene kunali kulemba molakwitsa dala mawu a Chingerezi otanthauza kuti zonse zili bwino. Masiku amenewo olemba nyuzi a ku Boston ankasangalala ndi nthabwala yopotoza mawu n'kuwafupikitsa. Zidule zinzake zinafa msanga. Ichi chinapulumuka chifukwa cha ndale: pachisankho cha 1840 otsatira a pulezidenti Martin Van Buren, wobadwira ku Kinderhook, amene ankamutcha Old Kinderhook, anakhazikitsa gulu lotchedwa O.K. Club. Van Buren anagonja pachisankhocho, koma zilembozo zinatsala pakamwa pa anthu. Amene anafukula mbiriyi ndi Allen Walker Read wa ku Columbia University, m'zolemba zake za 1963 ndi 1964. Nkhani imene imazungulira pa WhatsApp yakuti mawuwa anachokera kwa asilikali olengeza kuti palibe amene waphedwa kunkhondo ndi nthano chabe.

Mawu obadwa ngati nthabwala ndi amene lero tikuwasenzetsa malonjezo.

Sindikuti ndi haramu, ndipo sindidana ndi mawu obwereka. Buku, sukulu ngakhale madrasa timawatchula tsiku lililonse popanda chovuta. Inenso OK amandipulumuka pakamwa. Mlandu wanga ndi wakuti mawuwa alibe mbali. Azungu amawatchula kuti "ou-kei", ife timati "oke" kapena "okee", ndipo tanthauzo lonse lili m'kamvekedwe. Akatchulidwa mwachidule ndiye kuti "ndamva." Akakokedwa ndiye kuti "ndikukayika." Akaponyedwa munthu atatembenuka kale ndiye kuti "ndisiyeni." Nanga akalembedwa pafoni, mwinanso chilembo chimodzi chokha cha k, kamvekedweko mukamva bwanji?

Chilankhulo chathu chinasiyanitsa zimenezi kalekale. "Ndamva" ndi kulandira uthenga. "Chabwino" ndi kulolera. "Inde", kapena "elo" wa Chiyao, ndi kutsimikiza. "Ndavomera" ndi kudzimanga, ndipo woyankhula amadziwa kuti mawa adzafunsidwa. Ndi chifukwa chake pa nikah pamafunika ijab ndi qabul, kupereka ndi kulandira momveka pamaso pa mboni. Ndi shehe uti angamange banja pa "okee"?

Koma padoko timachita zomwezo. Wogula usipa pangongole akafunsidwa ngati adzalipire Lachisanu, amati OK. Lachisanu likafika amati, "Ine ndinangoti OK, sindinalonjeze." Ndipo choipa n'chakuti sakunama kwenikweni. Msodzi anamva lonjezo, wogula anangotulutsa mpweya, ndipo mafuta a injini sanagulidwe.

Ku madrasa kwathu wophunzira akandiyankha kuti OK sindimukalipira. Ndimangomufunsa kuti, "Wavomera chiyani, mwanawe?" Ambiri amayang'ana pansi, kenako n'kupempha kuti ndibwereze zimene ndinanena.