Shedi ya ku Mungo ndi mboni, isasanduke chikho cha atsamunda

Pali chizolowezi china pa nkhani yosunga zinthu zakale chimene ine chimandinyansa. Nyumba ikakalamba timaikonza, timakhomapo chikwangwani, kenaka n'kumaiyamikira ngati mkwatibwi, osafunsa kuti anakhetsa thukuta pamenepo ndani, nanga analira ndani. Chitsanzo changa lero ndachitenga kutali, ku Australia, m'chigawo cha New South Wales, kumene kuli shedi yometeramo nkhosa yotchedwa Mungo Woolshed.

Tiyambe ndi kamangidwe kake, poti pamenepo palibe mkangano. Shediyi inamangidwa cha m'ma 1869 pa famu yaikulu ya nkhosa ya Gol Gol, m'dera louma lakutali ndi tauni. Amisiri anadula mitengo ya komweko ya mtundu wa cypress pine, imene chiswe sichiidya. Anazika nsanamira, ndipo pakati pa nsanamirazo anagoneka zipika, china pamwamba pa chinzake, mpaka khoma linakwera. M'makola a m'kati anayala timatabwa totalikirana pang'ono kuti ndowe zizigwera pansi, ubweya usade. Nkhosa inkalowa mbali ina itavala, n'kutulukira mbali ina ili mbulanda, ubweya n'kupita pa tebulo losankhirapo, kenaka m'mabelo. Aliyense amene anagwirapo ntchito m'shedi ya fodya akudziwa kuti nyumba yotere imamangidwa motsatira ntchito. Luso limenelo ndikulivulira chipewa.

Koma luso la yani? Mbiri ya kumeneko imati anaimanga ndi antchito ochokera ku China. Patangopita zaka pafupifupi 30, mu 1901, Australia inakhazikitsa lamulo lotsekereza anthu amene sanali azungu kulowa m'dzikomo. Manja awo anawafuna, nkhope zawo ayi. Ometa nkhosa nawo ankakhala chiweramire tsiku lonse, malipiro n'kumawerengera kuchuluka kwa nkhosa zimene munthu wameta. Mu 1891 anzawo a ku Queensland ananyanyala ntchito, ndipo sitalaka imeneyo inathandiza kubala chipani cha Labor. Koma musafulumire kuwomba m'manja, chifukwa mabungwe a ometa omwewo sankalola Matchaina kukhala mamembala. Wosauka kukankha wosauka mnzake, bwana ali pakhonde.

Tsono pali mlandu waukulu kuposa pamenepa. Dziko limene nkhosazo zinkadyapo linali ndi eni ake: a Paakantji, a Mutthi Mutthi ndi a Ngiyampaa. Nkhosa, pamodzi ndi akalulu amene azungu omwewo anabwera nawo, zinadya msipu mpaka nthaka inatsala pamtetete. Mphepo ndi mvula zinayamba kukokolola milu ya mchenga ya m'mbali mwa nyanja youma ya Mungo, ndipo zimene zinakwiririka zinayamba kuonekera. Mu 1968 katswiri wa miyala ndi nthaka, Jim Bowler, anapeza mafupa a mayi amene mtembo wake unachita kuotchedwa. Mu 1974 anapezanso mafupa a bambo amene anaikidwa m'manda atawazidwa dothi lofiira. Akatswiri amati anthu awiriwa anakhalako zaka pafupifupi 40,000 zapitazo. Mafupawo anatengedwa kupita ku Canberra eni ake osafunsidwa. A mayiyo anabwezedwa mu 1992, a bamboyo mu 2017. Taganizani, abale, agogo anu kukhala m'bokosi ku Canberra zaka 43!

Wina anena kuti: ngati zili choncho, tisungirenji khola la nkhosa pa malo amene bungwe la UNESCO linawaika m'kaundula wa malo ofunika a dziko lonse mu 1981? Zaka 150 n'chiyani poyerekeza ndi 40,000? Funsoli ndi lomveka, koma yankho langa ndi loti isungidwe basi. Akuluakulu anati mlandu suola, komatu mlandu wopanda mboni umathera m'malere.

Onani zimene zinachitikira shedi ina, ya pa famu ya Brocklesby m'chigawo chomwecho. M'menemo ndi momwe Tom Roberts anajambula chithunzi chake chotchuka, Shearing the Rams, chimene anamaliza mu 1890. Shediyo inapsa ndi moto mu 1965. Chatsala ndi chithunzi chokongola cha amuna amphamvu, chopachikidwa m'nyumba yoonetseramo zaluso ku Melbourne. Chithunzi sichinunkha thukuta, ndipo sichionetsa amene anathamangitsidwa kuti nkhosa zipeze msipu. Ku Mungo, kumene kunasanduka paki ya boma mu 1979, munthu akhoza kugwira chipika ndi dzanja lake, n'kutuluka panja, n'kuona ndi maso ake nthaka imene nkhosa zinaisiya mbulanda.

Choncho ine ndikutsutsana ndi magulu awiri. Amene angaione shediyi ngati chikho cha kulimba mtima kwa atsamunda akunama, ndipo amene angati ndi khola chabe loyenera kulekerera kuti ligwe akufuna kupha mboni. Denga likadontha alikonze, chipika chikaola aikepo china. Koma mlendo aliyense wofika pamenepo auzidwe zinthu zitatu asanatulutse kamera: amene anamanga, amene anameta, ndi amene analandidwa dziko.