Makina ndi dilipi ziyendere limodzi

Mayi wa ku Amaramba akayamba kutaya magazi atakhala malo amodzi ndi bambo, kapena atasiya kale kusamba, achibale ambiri amayamba athamangira kwa asing'anga. Pofika kuchipatala cha ku Cuamba miyezi imakhala yatha, ndipo nthawi zina khansa ya khomo la chiberekero imapezeka itafalikira m'mbali. Zikatero, opaleshoni yokha sithandizanso.

Komatu chithandizo chilipo. Mu 1999 bungwe la National Cancer Institute ku America linalengeza zotsatira za kafukufuku: amayi omwe ankawotchedwa chotupacho ndi makina, uku akulandiranso mankhwala a cisplatin, ankamwalira ochepa kusiyana ndi omwe ankangowotchedwa basi. Mankhwalawa amafoola tizigawo ta khansa kuti cheza cha makina chitiphe mosavuta.

Kuwotchako si kwa moto ayi, ndipo wodwala samva ululu ali pamakina. Amapita Lolemba mpaka Lachisanu kwa milungu pafupifupi 5, ndipo kamodzi pa mlungu amamuika dilipi ya cisplatin. Pambuyo pake madokotala amalowetsa kachipangizo kotulutsa cheza pafupi ndi chotupacho. Zonsezi ziyenera kutha m'milungu 8. Kudukiza kumapatsa khansa mpata wophukanso.

Apa ndiye pagona nkhani. Nseru, kutsegula m'mimba ndi kufooka zimabwera ndithu. Ndalama ya chakudya ikatha, kwinaku uthenga ukubwera wakuti munda wamera thengo, mayi amaganiza zothawira kumudzi. Abambo ndi amalume, musanamukweze galimoto, gwirizanani za wolima, wosunga ana ndi womudikirira kwa miyezi iwiri yathunthu. Kugulitsa mbuzi kapena usodzi wa mwezi wonse n'kopweteka, koma kulipira ulendo woti uthere panjira n'kopweteka koposa.

Ulendowo si wamasewera. M'dziko muno makinawa anayamba kugwira ntchito mu 2019 ku Hospital Central de Maputo, mtunda woposa makilomita 2,000 kuchokera kuno, ndipo munthu amafikako ndi kalata ya chipatala. Cisplatin amavutitsa impso, choncho magazi amayezedwa kaye ndipo wodwala amauzidwa kumwa madzi ambiri. Womwa ma ARV asasiye, komanso awauze madokotala mtundu womwe akumwa.

Amayi omwe sakumva kupweteka kulikonse afunse anamwino za kuyezetsa khomo la chiberekero ndi viniga, ntchito ya mphindi zochepa chabe. Katemera wa HPV, kachilombo koyambitsa khansayi, anayamba kuperekedwa kwa atsikana a zaka 9 m'dziko lonse mu 2021.