Wakuba sadya ukonde, amagulitsa kwa ife



Nkhokwe zikutha m'midzi mwathu. Yendani kuchokera ku Monkey Bay kudzera ku Mangochi mpaka ku Liwonde, muwerenge zimene mungaone. Chimanga masiku ano chimagona m'nyumba, m'matumba, pafupi ndi mphasa ya mwini wake, ndipo ena mbuzi zomwe akuzigoneka m'khitchini. Tinathawa akuba panja, koma akubawo atitsatira mkati. Khoma la zidina sawavuta: amathira madzi, dothi n'kufewa, n'kumachotsa chidina chimodzichimodzi. Mvula ikamagwa pamalata simungamve kanthu. Mumangodzuka m'mawa kuona kuwala kukulowera pamalo pomwe palibe zenera.

Taonani nthawi imene amabwera. Amabwera Lachisanu masana, abambo ali kumzikiti, amayi ali kudimba kapena kumsika. Amabwera mwezi ukakhala mumdima, asodzi atapita ndi nyali kukapha usipa. Amabwera pa Ramadhani tili pa tarawehe, kapena mudzi wonse uli kumaliro. Mlendo wochokera kutali sangadziwe zonsezi. Wakubayo ngwapafupi, kapena pali wapafupi amene amamuuza.

Koma ife tikuti muzu wa nkhaniyi uli pa wogula. Wakuba sadya ukonde. Injini ya boti saphika. Amaba chifukwa akudziwa kuti kusanache apeza munthu wa ndalama m'manja. Munthu ameneyo ndani? Ndi ife tomwe. Mnyamata amene alibe munda akubweretsa thumba la feteleza pa theka la mtengo wake, ife tikuti Mulungu watikumbukira. Wina amene sanakwerepo bwato akutsatsa matchera atsopano kuseri kwa msika, ife osafunsa kuti mwawatenga kuti. Foni yopanda bokosi, batire ya sola, njinga yopakidwa penti dzulo, zonsezi timalandira maso titatsinzina. Ndiye mawa lake tikaberedwa, ndife oyamba kukuwa kuti mudzi waipa.

Za nyama ndiye zimatipweteka kwambiri. Timafunsitsa ngati mbuzi inachinjidwa bwino, ndipo n'zoyenera kutero. Nanga bwanji sitifunsa kuti inali ya yani? Mbuzi yobedwa m'khola la mayi wamasiye siyera chifukwa cha mpeni wa wochinja. Ndi haramu basi. Malamulo a dziko nawonso sasekerera: kulandira katundu ukudziwa kuti ngwakuba ndi mlandu, ndipo munthu amalowa nawo m'ndende. Ogula ziweto azifunsa kalata ya amfumu a kumene chiwetocho chachokera. Wogulitsa akakwiya ndi funsolo, yankho mwalipeza kale.

Tsono zikakugwerani, musathamangire tsache. Siyani chitseko ndi bowolo momwe zilili, ana asapondeponde mapazi a akubawo. Uzani amfumu ndi a chitetezo cha m'mudzi, kenako kupolisi. Foni ikapita, tsekani msanga nambala yanu, chifukwa ndalama za pa Airtel Money kapena Mpamba zimatha munthu akadali kulira. Ena amati kupita kupolisi n'kutaya ndalama ya kabaza. Koma chiphaso cha unzika chikabedwa, lipoti lomwelo mudzalifuna. Ndipo katundu akapezeka, mudzafunsidwa umboni woti ngwanu. Kulumbira kokha sikukwanira. Injini iliyonse ili ndi nambala yake, njinga nayonso ili nayo pachitsulo. Pa foni dinani *#06#, ituluka nambala ya foniyo. Lembani zonsezi m'kope, kopelo musalisunge pamodzi ndi katunduyo. Asodzi ikani chizindikiro chanu pa ukonde pamalo odziwa inu nokha, ndipo a komiti ya padoko, a BVC, akhale ndi kaundula wa injini ndi maukonde a aliyense, kuti chida chachilendo chikafika padoko chidziwike tsiku lomwelo.

Pali china chimene sitichilabadira. Nyumba yothyoledwa imasiya mantha. Mayi amatha mwezi osagona, khoswe akagwetsa mbale mtima uli phaa. Ana amakana kugona okha. Anansi tizipita kukawaona monga timachitira pa matenda. Wina atenge makopa a chimanga, wina akathandize kutseka bowolo, anyamata agone pakhonde masiku angapo. Mafunso aja oti munagona bwanji osamva, kapena munasungiranji ndalama m'nyumba, tiwasiye. Munthuyo wadzifunsa kale usiku wonse.

Ndipo woberedwa adziletse kuloza chala popanda umboni. Kupita kwa sing'anga kuti akakuuzeni wakuba n'kuwonjezera tsoka pa tsoka. Adzakufunsani amene mumakangana naye, n'kukubwezerani dzina lomwelo, nkhuku yanu atadya. Mabanja apachibale asiyana kulankhulana chifukwa cha zimenezi, katundu osabwerera.

Wakuba akagwidwa, mumangeni, mumupereke kupolisi. Tikudziwa mkwiyo wa munthu amene walima chaka chonse, matumba ake n'kupita usiku umodzi. Ifenso ndife alimi. Koma kuthira munthu petulo chifukwa cha nkhuku kapena thumba la chimanga ndi kupha, ndipo amene aponya mwala kapena kuyatsa machesi amayankha mlandu wakupha. Nthawi zina wophedwayo amakhala wodutsa chabe amene wina wangomukuwira. Ganiziraninso izi: mnyamata wogwidwayo ndi yekhayo amene akudziwa wogula, akudziwanso amene anamuuza kuti m'nyumba muno muli feteleza. Mukamupha, awiri enawo agona tulo tabwino, sabata yamawa apeza mnyamata wina.

Januwale ndi Febuluwale ali pafupi, miyezi ya njala, pomwe chimanga chachiwisi chimayamba kusowa m'minda. Ulonda wa usiku uyambe tsopano, mosinthana, ndi tochi ndi wezulo. Usakhale wa amphawi okha ayi. Eni maboti ndi eni magolosale amene sangathe kuyenda usiku agule mabatire ndi mawezulo. Lachisanu, mbali iliyonse ya mudzi pazitsala anthu awiri akuluakulu oyang'ana nyumba za anzawo, ndipo pamenepa anansi athu achikhristu angatithandize, ifenso tiziwayang'anira Lamulungu. Tikamaliza swala ya Ijuma sabata ino, tikhale pang'ono tilembe mayina, kenako tikawapereke kwa amfumu.