Musanalipire webusayiti, tsegulani kaye boneti

Abale athu a geni ndi madalaivala nonse, kaya muli pamzere pa Beitbridge kaya mwadutsa kale pa Mwanza, moni.

Ife a kuno ku Mooinooi timatolera katundu wa anzathu ogwira ntchito m'migodi ya kuno ndi ku Marikana n'kupita naye kumudzi. Taona kuti ambiri mwayamba kufuna webusayiti ya bizinesi, ndipo ndi nzeru yabwino. Koma posankha pulogalamu yopangira tsamba lanu, musakomedwe ndi maonekedwe. Funsani zimene ikulemba kuseri.

Tsamba lililonse la pa intaneti lili ngati thiraki: kunja kuli penti, mkati muli injini. Injiniyo ndi malemba otchedwa HTML, amene amauza foni kuti apa pali mutu, apa mtengo, apa chithunzi. Pa kompyuta, mukatsegula tsamba n'kudina Ctrl ndi U, muwaona. Pulogalamu yabwino imalemba zochepa komanso zadongosolo. Ina imaunjika mizere yambirimbiri pofuna kungoonetsa nambala ya foni. Zonsezo foni ya kasitomala imayenera kuzikoka, ndipo amalipira ndi bandulo yake.

Ifeyo tinaphunzira titaluza. Tinalipira mnyamata wina kuti atipangire tsamba, ndipo linatuluka lokongola: zithunzi zoyenda zokha, vidiyo ya thiraki yathu pa N4. Pa wifi ku Rustenburg linkatseguka bwinobwino. Kenako bambo wina wa mumgodi anafuna kutumiza firiji ndi mabedi ku Mzimba, natumizira mayi a kunyumba kwawo linki kuti aone tsiku lofika ndi malo olandirira. Tsamba linangozungulira mpaka bandulo inatha. Mayiwo anati anthu amenewa sakuwakhulupirira, katundu anakwera ya wina. Titafuna kusintha mitengo tokha, mizere yonse inasokonekera, mpaka tinalipiranso. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

Ndiye musanapereke ndalama, chitani izi.

Choyamba, sankhani pulogalamu yokulolani kuona HTML yake ndi kuikonza. WordPress, imene inayamba mu 2003, ili ndi malo oonera zimenezi. Koma nayonso mukaidzaza ndi zokongoletsa zowonjezera imalemera, ngati thiraki yopakira mopyola muyezo.

Chachiwiri, musamakopere mitengo kuchokera mu Word n'kungomata patsamba. Word ndi yolembera makalata, ndipo mawu ake amabwera ndi malamulo obisika a mtundu ndi kukula kwa zilembo. Pomata dinani Ctrl, Shift ndi V pamodzi kuti palowe mawu okhaokha.

Chachitatu, liyeseni. Ikani adiresi ya tsambalo pa PageSpeed Insights ya Google, muone mmene likuchitira pa foni. Pa validator.w3.org muona zolakwika za mu HTML. Zonsezi ndi zaulere. Wokupangiraniyo achite zimenezi inu muli pompo.

Chachinayi, chepetsani zithunzi. Nthawi zambiri chithunzi chimodzi chochokera mu kamera ya foni chimalemera kuposa mawu onse a patsamba.

Chachisanu, chimene chili chachikulu: tumizani linki kwa m'bale wanu kumudzi, wa foni yotchipa ya TNM kapena Airtel. Likatseguka kumeneko, lakhoza. Likakanika, musamalize kulipira.

Ena munena kuti kasitomala amakopeka ndi zokongola, ndipo tsamba losavala limaoneka ngati la kampani yosauka. Tikumva. Koma munthu wotumiza katundu amene wamuvutikira chaka chonse pansi pa mgodi amafuna zinthu zinayi: mtengo, tsiku lonyamuka, njira imene mudzere, kaya ya Nyamapanda ndi Tete kutulukira pa Mwanza kapena pa Dedza, ndi nambala imene ikaimbidwa imayankhidwa. Akaziona msanga, amakukhulupirirani. Vidiyo sinafikitsepo firiji ku Mzimba.

Tinenenso chilungamo: si tonse tikufunika webusayiti. Ngati geni yanu ndi ya mabulangete, mapoto kapena zodzoladzola, katalogi ya WhatsApp Business, imene inayamba mu 2019, ikukwanirani, ndipo mitengo mumasintha nokha muli pa boda. Webusayiti ikhale ya amene akufuna kupezeka pa Google kapena kupempha ntchito ku makampani.

Palibe mwa ife amene angagule thiraki atangoona penti. Timatsegula boneti, timamvetsera injini, timaiyendetsa pamtunda. Tsamba lanu nalonso litero, chifukwa ndi limene likukulankhulirani kwa makasitomala inu muli pamsewu.

Muyende bwino, abale.