Dzimbiri la pa mizu ya mpunga ndi mabatire a kudzala

Ndakhala chete kwa masabata angapo chifukwa cha mayeso a ana, koma lero ndili ndi nkhani imene yandisowetsa tulo.

Lachitatu lapitali mtsikana wina wa Fomu 3 anabwera m'kalasi ndi phata la mpunga limene anazula m'munda mwa agogo ake kufupi ndi nyanja ya Chilwa. Mizu yake inali yofiirira ngati khasu logona pamvula. Anandifunsa kuti, "Aphunzitsi, kodi mpunga wa agogowu wadwala?" Ndinamuyankha kuti ayi, limenelo ndi dzimbiri lenileni, ndipo agogo ake ayenera kulithokoza. Kalasi yonse inaseka. Koma ine sindinkachita nthabwala.

Nkhani yake ili motere. Mbewu iliyonse imafuna ayironi kuti masamba ake abiriwire. Ikamusowa, masamba anthete amachita chikasu pamene mitsempha yake ikadali yobiriwira. Mpunga ukakhala m'madzi, mizu yake imatulutsa mpweya pang'ono, ndipo mpweyawo ukakumana ndi ayironi wa m'matope, pamizu pamamatirira dzimbiri lija. Dzimbirili limagwira zitsulo zina zapoizoni monga aseniki, mtovu ndi kadimiyamu, kotero kuti zina mwa izo zimatsakamira kunja osalowa m'mbewu.

Mbali yachiwiri ndi imene imandiopsa. Muzu uli ndi timakomo tolowera chakudya. Mbewu ikamva njala ya ayironi imatsekula timakomo tambiri kuti itole ayironi aliyense amene angapezeke. Tsoka ilo, timakomoti sitisankha bwino. Kadimiyamu amalowera pomwepo ngati mlendo wosaitanidwa wotsatira anthu a ukwati, kenako amakwera mpaka kukafika m'njere zimene ife timadya. Choncho minda iwiri ikhoza kukhala ndi kadimiyamu wofanana m'nthaka, koma mbewu yanjala ya ayironi n'kumwa wambiri kuposa yokhuta.

Thupi la munthu limachitanso chimodzimodzi. Munthu woperewera ayironi, matumbo ake amayamwa kadimiyamu ndi mtovu wambiri kuchokera m'chakudya chomwecho chimene mnzake wadya. Tsono kumbukirani kuti kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 63 mwa 100 alionse osakwana zaka zisanu anali ndi vuto lochepa magazi, ndipo mwa amayi anali 33 mwa 100 alionse. Zoonadi, malungo ndi njoka zam'mimba nazo zimachepetsa magazi, koma kuperewera kwa ayironi kuli m'gulu lomwelo. Ndiye kuti amene ali pachiopsezo chachikulu ndi mayi woyembekezera ndi mwana wa phala.

Mwina wina akuti, aphunzitsi, zimenezi ndi za m'mabuku. Ayi ndithu. Ku Japan, m'chigawo cha Toyama, alimi ankathirira mpunga ndi madzi a mtsinje wa Jinzu amene ankadutsa kumgodi wa Kamioka. Kwa zaka zambiri anthu, makamaka amayi achikulire amene anaberekapo, ankadwala impso ndipo mafupa awo ankathyoka wamba. Matendawo anawatcha itai-itai, kutengera kulira kwa odwalawo. Boma la Japan linavomereza mu 1968 kuti gwero lake linali kadimiyamu. Pafupi pompano ku Kabwe m'dziko la Zambia, mgodi wa mtovu unatsekedwa mu 1994, koma mpaka lero ana akumapezeka ndi mtovu wambiri m'magazi. Zitsulo zimenezi siziola ngati mapesi. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Nanga kwathu kuno zingachokere kuti? Ndiyambe ndi ife tomwe. Pitani kuseri kwa nyumba iliyonse mukaone kudzala. Mupezako mabatire a tochi ndi a wailesi, mafoni akufa, mababu, ndipo masiku ano ngakhale zidutswa za mabatire a sola ndi a galimoto, amene m'kati mwake ndi mtovu weniweni. Timatentha zonse pamodzi, ndipo mwezi wa Okutobala timafukula phulusalo n'kukathira kumunda ndi kudimba, ati manyowa. Ine ndemwe ndachitapo zimenezi kwa zaka zambiri, ndine mphunzitsi wa zaulimi. Ndili mwana tinkaswa mabatire n'kumapaka chakuda chake pabolodi ndi manja athu.

Chachiwiri ndi feteleza wa fosifeti. Miyala imene amapangira fetelezayu imakhala ndi kadimiyamu mwachilengedwe, ina wochepa, ina wochuluka, malinga ndi kumene yakumbidwa. Sindikuti tisiye feteleza, tingafe ndi njala. Ndikungoti oyang'anira katundu wolowa m'dziko aziyeza zimenezi, chifukwa mlimi sangazione ndi maso pathumba.

Chachitatu ndi malo athu enieniwo. Nyanja ya Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Chilichonse chimene mtsinje wa Phalombe ndi inzake yatenga kumtunda chimakathera m'madambo momwe timalima mpunga. Tonse tinaona mu Malichi 2023 momwe namondwe wa Freddy anakokolera matope, madzala, zimbudzi ndi katundu wa m'nyumba n'kukazimwaza m'minda. Ndiponso pali nkhani ya mgodi wa miyala yamtengo wapatali paphiri la Songwe m'boma lathu lino, umene kampani ya Mkango Resources inasainirana mgwirizano ndi boma mu 2024. Ine mgodi ndikuufuna, ana amene ndimaphunzitsa akusowa ntchito. Koma nzeru ndi kuyeza nthaka, madzi ndi mpunga wa m'midzi yozungulira ntchito isanafike pachimake, ndi kuuza anthu zotsatira zake m'chinenero chimene amamva. Zikatero, mawa sipadzakhala kulozana zala, ndipo kampani nayo idzatetezeka ku mabodza.

Mundimvetse bwino. Sindikunena kuti mpunga wa ku Chilwa uli ndi poizoni. Ndimadya womwewo, ndipo ndi umene umalipirira fizi ana ambiri a m'kalasi mwanga. Chimene ndikupempha n'chakuti tiziyeza. Muyezo ulipo kale: bungwe la Codex limati kadimiyamu asapitirire mamiligalamu 0.4 pa kilogalamu ya mpunga wopuntha. Akatswiri tili nawonso. Mu 2021 a ku LUANAR pamodzi ndi anzawo a ku Nottingham ndi Rothamsted anatulutsa zotsatira zosonyeza kuti michere ya m'chimanga imasiyana dera ndi dera malinga ndi nthaka. Ngati anatha kutola chimanga m'dziko lonse, kuyeza mpunga wa m'dambo limodzi sikungawakanike. Ku Bvumbwe, kumene amayeza nthaka, si kutali.

Podikira akuluakuluwo, pali zimene tingachite pakhomo. Mabatire akhale ndi chitini chawochawo, asapite kudzala la manyowa kapena pamoto. Manyowa a ziweto ndi a kompositi yoyera amathandiza mbewu kupeza ayironi, makamaka m'nthaka ya mchere ya kufupi ndi nyanja, kumene ayironi amakhalapo koma womangika. Laimu amachepetsa kadimiyamu wolowa m'mbewu pa nthaka ya asidi, koma akachuluka amamanganso ayironi, choncho funsani alangizi musanathire. Nkhani ya madzi m'munda wa mpunga ndi yofunanso uphungu: munda ukauma nthawi yomasula kadimiyamu amakwera, ukakhala m'madzi nthawi zonse aseniki ndiye amakwera. Ndipo m'mbale mwa mwana musasowe matemba, usipa, bonongwe, chisoso, nandolo wathu uja, kapena nyemba za NUA45 zimene zili ndi ayironi wochuluka.

Lolemba ndinaika chidebe pakhomo la kalasi kuti ana azibweretsa mabatire akutha a kwawo. Pofika Lachisanu chinali chitadzaza, ndipo mtsikana uja ndiye anabweretsa ambiri, ochokera kudzala la agogo ake. Tsopano chidebecho chili mu ofesi mwanga, ndipo funso ndalipereka kwa a khonsolo: tikachitaye kuti?