Mwana Akasowa, Tisadikire Kuti Kuche

Tikamakamba za zinthu zimene zimapha ana kuno ku Nathenje ndi ku Mitundu timafulumira kutchula malungo, chibayo, kutsegula m'mimba ndi kunyentchera, ndipo n'zoonadi kuti amenewa ndi adani athu aakulu. Koma mwezi uno ndafuna kuti tikambirane za vuto lina limene sitilemba pa makoma a chipatala, ndilo kusowa kwa mwana pakhomo. Wina afunsa kuti, kodi nkhani ya apolisi ikufunanji m'magazini ya zaumoyo? Yankho lake n'lapafupi. Mwana wosowa akapezeka, malo oyamba amene amapita naye ndi kuchipatala, ndipo kuti afike ali moyo kapena ayi zimatengera zimene anthu a m'mudzi anachita m'maola oyambirira.

Chizolowezi chathu timachidziwa tonse. Dzuwa likalowa mwana asanaoneke, mayi amati ali kwa azakhali ake, bambo amati ali ndi anzake ku vidiyo, ndipo agogo amati tiyeni tigone, abwera m'mawa. Kukacha mpamene timayamba kufunsafunsa, ndipo tsiku lachiwiri kapena lachitatu mpamene timakumbukira kuti kuli mfumu ndi apolisi. Ena amakhulupirira kuti apolisi salandira dandaulo lotere mpaka patapita maola 24. Lamulo lotero kulibe. Zimenezo tinangozitola m'mafilimu. Makolo athu ankati zengerezu adalinda kwawukwawu, ndipo pa nkhani ya mwana mawu amenewa ndi oona kotheratu.

Monga munthu wogwira ntchito ya ukhondo, langizo langa loyamba ndi ili: mwana wamng'ono akasowa, yambani mwayang'ana pamene pali madzi. Bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO limanena kuti ana a zaka za pakati pa 1 ndi 4 ndiwo ali pa chiopsezo chachikulu chomira m'madzi kuposa anthu a misinkhu ina. Mwana womira sakuwa monga timaganizira. Amalowa mwakachetechete, ndipo pakangopita mphindi zochepa ubongo wake umayamba kuonongeka chifukwa chosowa mpweya. Tsono taganizirani mmene midzi yathu ilili: zitsime za kudimba zopanda chivundikiro, maenje amene tinakumba poumba njerwa n'kuwasiya akudzaza madzi a mvula, dzenje la chimbudzi limene tinayamba kukumba chaka chatha koma sitinalimalize, chimbudzi chakale chimene mitengo yake inaola, ngakhalenso ndowa kapena mgolo wa madzi kuseri kwa nyumba. Anthu amathamangira kumsewu poganiza za akuba, pamene mwanayo ali m'dzenje limene lili mapazi makumi awiri okha kuchokera pakhonde.

Maenje amenewa timakangana nawo eni ake chaka ndi chaka tikamayendera midzi, ndipo kawirikawiri chifukwa chimene timapereka ndi cha udzudzu. Koma udzudzu umapha pang'onopang'ono, ndipo mankhwala ake alipo. Dzenje lilibe mankhwala. Woumba njerwa akwirire dzenje lake mvula isanayambe, chitsime chikhale ndi kampanda ndi chivundikiro cholemera choti mwana sangachisunthe, ndipo nyakwawa asachite manyazi kulipitsa munthu wokana kutero.

Mukampeza mwana m'madzi, musamuzondotse kapena kumufinya pamimba kuti asanze madzi, pakuti kutero n'kungotaya nthawi. Mugonekeni chagada pamalo ouma ndi olimba. Ngati sakupuma, muuzireni mpweya m'kamwa ndi kumasindikiza pakati pa chifuwa chake mobwerezabwereza, uku wina akufunafuna njinga kapena galimoto. Ngakhale atatsitsimuka n'kuyamba kulira, pitani nayebe kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa mapapo amene alowa madzi amatha kuvuta pambuyo pake. Alangizi a zaumoyo a m'dera lanu angathe kukuonetsani kachitidwe kake pa tsiku la sikelo mukawapempha.

Pamene ena akuyang'ana m'maenje ndi kumtsinje, munthu mmodzi athamangire kwa mfumu ndi kwa achitetezo a m'mudzi, aja ambiri amawatcha aneba. Dongosolo loti anthu wamba azigwira ntchito pamodzi ndi apolisi linayamba m'dziko muno m'zaka za m'ma 1990, ulamuliro wa zipani zambiri utabwera, ndipo lamulo la apolisi la chaka cha 2010 linalikhazikitsa mwalamulo. Lili ndi makomiti kuyambira pamudzi, kufika kwa gulupu, mpaka kwa mfumu yaikulu. Ine ndimaona kuti ambiri a ife timawakumbukira anthu amenewa pokhapokha mbuzi kapena chimanga zikabedwa. Wenzulo imene imalira ng'ombe ikatuluka m'khola usiku iyenera kulira msanga koposa mwana akasowa. Mudzi wonse udzuke ndi matochi, anthu agawane njira, ena kudambo, ena kumanda, ena kusukulu ndi kutchalitchi, ndipo pakhale mmodzi wotsala pakhomo kuti mwana akabwera yekha apeze munthu. Kuno kwathu kumene mwambo wa gule wamkulu uli wolimba, mnyamata wamkulupo akasowa ndi bwino mfumu ifunsenso kudambwe, popeza ndi iyo yokha imene ingafunse kumeneko mwaulemu ndi kulandira yankho loona. Makolo asangoganiza okha kuti ali kumeneko n'kukhala chete.

Apolisi auzidwe usiku womwewo, ngakhale pa foni. Chifukwa chake ndi msewu. Nathenje ili pa msewu waukulu wa M1, ndipo mwana amene wakwezedwa minibasi kapena njinga yamoto pa siteji angafike mumzinda wa Lilongwe pasanathe ola limodzi, kapena pa chipata cha Dedza cholowera ku Mozambique pasanathe maola awiri. Aneba sangatseke msewu umenewu, koma apolisi angathe kudziwitsa anzawo a m'malo ochitira chipikisheni. Anyamata a kabaza ndi oitanira minibasi nawonso auzidwe msanga, pakuti maso awo amaona aliyense wodutsa pamsika. Palinso nambala ya foni ya 116, yothandiza ana, imene munthu amaimba osalipira. Popita kupolisi tengani chithunzi cha mwanayo ngati chilipo, kabuku kake ka kuchipatala ndi chiphaso chake cha kubadwa, ndipo mukumbukire zovala zimene anavala ndi zipsera zimene ali nazo. Kulembetsa ana obadwa kunakhala kokakamiza kuyambira mu 2015, ndipo kumachitikira pa chipatala pomwe mayi wachirira. Amayi ena amachiyesa chipepala chopanda ntchito, koma tsiku limene muyenera kutsimikizira akuluakulu a boma lina kapena dziko lina kuti mwanayu ndi wanu, mudzachifuna.

Tisabisane, makolo anzanga. Ana ambiri amene amachoka m'midzi yathu satengedwa ndi mlendo wobisala kuthengo. Amatengedwa masana, ndi munthu wodziwika, wolankhula mokoma, amene amalonjeza sukulu m'tauni kapena ntchito ya malipiro abwino. Mtsikana amakathera pa ntchito ya m'nyumba yosalipidwa kapena m'malo omwera mowa. Mnyamata amakaweta ng'ombe kapena kukagwira ntchito m'minda ya fodya kutali ndi kwawo, kumene chikonga cha m'masamba aawisi chimalowa pakhungu n'kumamudwalitsa mutu, chizungulire ndi kusanza. Nthawi zina kholo limalandirako kandalama, ndiye mwana akasiya kumveka limaopa kukanena kupolisi. Lamulo loletsa kuzembetsa anthu la chaka cha 2015 limati wozembetsa mwana angathe kukhala m'ndende zaka 21, ndipo kuyambira mu 2017 malamulo aakulu a dziko lino amati mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18. Umphawi ulipo, sindikukana, ndipo mwezi wa Januwale ndi Febuluwale nkhokwe zikatha lonjezo lililonse limamveka ngati chipulumutso. Komabe mwana asachoke pamudzi mfumu isanadziwe dzina la womutenga, kumene akupita ndi nambala yake ya foni. Munthu wa zolinga zabwino sakana kukaonekera kwa mfumu.

Palinso ana ena amene sabedwa, koma amathawa okha chifukwa cha nkhanza za pakhomo: kukwapulidwa mopitirira muyeso, kumanidwa chakudya, kukakamizidwa ukwati, kapena kugwiriridwa ndi wachibale. Mwana wotere akapezeka, kumubwezera msangamsanga m'nyumba yomweyo popanda kumufunsa payekha chimene anathawira ndi kumupereka m'manja mwa chilombo. Ofesi ya Victim Support Unit kupolisi ndi a zachisamaliro cha anthu alipo chifukwa cha nkhani zoterezi.

Abale athu achialubino ali ndi mantha awoawo. Kuyambira kumapeto kwa chaka cha 2014 dziko lino linaona kubedwa ndi kuphedwa kwa anthu achialubino chifukwa cha bodza lakuti ziwalo zawo zimalemeretsa, ndipo bungwe la Amnesty International linalengeza mu 2016 kuti anthu osachepera 18 anali ataphedwa. Mu Febuluwale 2019 mnyamata wa zaka 14 anatengedwa usiku m'nyumba ya makolo ake m'boma la Dedza, loyandikana nafe. Kalembera wa 2018 anapeza kuti m'dziko muno muli anthu achialubino 134,636, kotero nkhaniyi si ya kutali. Chialubino ndi kusowa kwa utoto wa pakhungu kumene mwana amatengera kwa bambo ndi mayi omwe, basi; mafupa ake ndi ofanana ndi anu ndi anga. Komiti ya chitetezo iliyonse idziwe nyumba zimene muli ana otere, ione ngati zitseko zake zili zolimba, ndipo anawo asamayende okha popita ndi pochokera kusukulu.

Tsopano ndinene chimene chimandidetsa nkhawa koposa. Mwana akasowa, mitima imatentha, ndipo mtima wotentha umafuna munthu womuloza chala. Ena amathamangira kwa sing'anga kukaombeza, n'kutaya tsiku lathunthu ndi ndalama zimene zikanagula mafuta a njinga yamoto, ndipo pobwerako amabwera ndi dzina la nkhalamba ina ya m'mudzi. Tinaona ku Neno mu Januwale 2016 pamene okalamba anayi anaphedwa powaganizira ufiti mtsikana atafa ndi mphenzi. Tinaonanso mu 2017 ku Mulanje, Phalombe, Thyolo ndi maboma ena a kummwera, pamene mphekesera za anamapopa zinaphetsa anthu osalakwa, ndipo ogwira ntchito zaumoyo anayamba kuopa kulowa m'midzi. Amene anavutika ndi odwala omwe. Lamulo la ufiti la chaka cha 1911 limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Koma ngakhale tisatchule za lamulo, taganizirani izi: ngati munthu amene mwamugwirayo ndi wolakwadi, ndiye kuti ndi yekhayo amene akudziwa kumene kuli mwana. Mukamupha, mwakwirira njira yopezera mwana wanu. Ngati ndi wosalakwa, mwawonjezera maliro pamudzi, ndipo wakuba weniweni wapeza mpata wothawa.

Mawu amenewa akupitanso kwa aneba eni ake. Ntchito yanu ndi yongodzipereka, mumagona panja m'nyengo yozizira ya Juni popanda malipiro, ndipo mudzi uyenera kukuthandizani ndi mabatire a tochi, mawenzulo ndi mayunitsi a foni. Koma mphamvu yanu ndi yogwira woganiziridwa ndi kumupereka kupolisi msanga ali bwinobwino. Kumumenya, kumuweruza pabwalo kapena kulipiritsa banja losowa mwana musanayambe kufufuza si ntchito yanu, ndipo komiti yochita zotere imataya chikhulupiriro cha anthu. Apolisi nawo azilandira kholo lobwera usiku mwachangu ndi kulemba dandaulo lake nthawi yomweyo, pakuti kholo limodzi likabwezedwa, mudzi wonse umaleka kukanena.

Mwana akapezeka, musayambe ndi kumukalipira kapena kumukwapula. Mupatseni madzi, kapena thanzi ngati akuoneka wofooka, mumufunditse, ndipo mupite naye kuchipatala cha Nathenje, cha Mitundu kapena chilichonse chapafupi. Ngati pali chikaiko chakuti wagwiriridwa, musamusambitse ndiponso musachape zovala zake, popeza zimenezo ndi umboni. Musadikirenso kukambirana kwa pabanja. Mankhwala oteteza ku kachilombo ka HIV amagwira ntchito akayambidwa pasanathe maola 72, ndipo kuyamba msanga ndiko kwabwino koposa. Oteteza mimba yosayembekezera nawonso ali ndi malire a masiku ochepa. Ku Kamuzu Central Hospital kuli malo a Chikwanekwane kumene mwana wochitiridwa nkhanza amaonedwa ndi dokotala, wapolisi ndi mlangizi pamalo amodzi, ndipo anamwino a chipatala chanu adzakutumizani kumeneko ngati kuli kofunika.

Pempho langa kwa mafumu ndi lakuti pa msonkhano wa mudzi wa mwezi uno, komiti ya zaumoyo ndi komiti ya chitetezo zikhale pamodzi. Zigwirizane za kaliridwe ka wenzulo kosonyeza kuti mwana wasowa, zilembe nambala ya foni ya apolisi ndi ya 116 pa khoma la sukulu ndi pamjigo, kenaka ziyende limodzi mudzi wonse kuwerenga zitsime ndi maenje amene ayenera kuvundikiridwa kapena kukwiriridwa mvula isanagwe.