Kafukufuku wa Miyambo Afuna Kudekha

M'makoleji ndi m'mayunivesite ophunzira amatumidwa kumidzi kukafufuza za miyambo ya anthu. Ambiri amanyamula pepala la mafunso, nafika m'maŵa, nabwerako dzuŵa lisanaloŵe. Ife tikuti ntchito yotere ndi yoperewera, ndipo mlandu wake uli pa ife aphunzitsi amene timaphunzitsa lusoli pa bolodi pokha.

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Bronisław Malinowski anakhala pakati pa anthu a ku zilumba za Trobriand pafupifupi zaka ziŵiri, pakati pa 1915 ndi 1918, nayankhula chiyankhulo chawo. Wophunzira wake, Margaret Read, anakhala pakati pa Angoni a m'dziko muno m'zaka za m'ma 1930, ndipo buku lake la Children of Their Fathers, la mu 1959, limafotokoza za kaleredwe ka ana a Chingoni. Nzeru zotere sizipezeka pa ulendo wa tsiku limodzi.

Tsono wophunzira asanapite kumudzi, timuphunzitse zinthu zitatu. Choyamba, ayambe waonekera kwa amfumu, afotokoze chimene wadzera, ndipo apemphe chilolezo kwa aliyense amene afuna kucheza naye. Chachiŵiri, polemba m'kope mwake usiku uliwonse, asiyanitse zimene waona ndi maso, zimene wauzidwa, ndi zimene akuganiza yekha. Anthu akhoza kunena kuti mkamwini amakhala kwa mkazi wake, koma poŵerenga nyumba za m'mudzimo nkupeza kuti akazi ambiri anatengedwa chitengwa. Kusiyana kumeneku ndiko kuyenera kufufuzidwa. Chachitatu, alemekeze zinsinsi. Za kudambwe ndi za kutsimba zili ndi eni ake. Chimene wauzidwa mom'khulupirira asachiike pa pepala.

Ena adzati mwana wobadwira kumudzi safunika maphunziro ameneŵa. Koma iyeyu ndiye ali pangozi yaikulu, pakuti chimene anazoloŵera sachifunsa, ndipo amayesa kuti mwambo wa kwawo ndiwo wa dziko lonse.

Inu amene mukukonzekera uphunzitsi mudzatumizidwa kumadera achilendo. Mwana akadzajomba masabata angapo nyengo ya chinamwali, mphunzitsi wosafufuza adzathamangira chilango, pamene wodziŵa kumvetsera adzakhala pansi ndi makolo ndi anamkungwi kuti mwanayo abwerere m'kalasi. Nchifukwa chake tikupempha kuti wophunzira aliyense azikhala m'mudzi umodzi masabata osachepera anayi asanalembe lipoti lake.